Nyota pa Phewa la Mwana Wamkazi

Kwathu kuno ku Nguludi yunifolomu ya munthu wamkazi si yachilendo. Aliyense wobadwira kuno anakula akuona masisitere a ku Mary View akupita ku Misa m'bandakucha, anamwino a pachipatala cha St Joseph atavala zoyera kuti mbee, ndi atsikana a sukulu atadzaza msewu ndi madilesi ofanana. Makolo a kuno sanaonepo chovuta kupereka mwana wamkazi ku ntchito yodzuka ndi belu, yovala monga avalira anzake, ndi yomvera wamkulu popanda kuwiringula. Ambiri ankati umenewo ndi mwayi. Koma ilipo yunifolomu imodzi imene mpaka lero imagawa banja pakati, ndiyo ija ya mawangamawanga, yoyendera limodzi ndi jombo ndi mfuti. Mwana wamkazi akangoitchula, mayi wake amasiya mthiko mumphika n'kutuma mwana kukaitana amalume.

Ine ndine mmodzi mwa amalume oitanidwawo. Uphunzitsi ndinaphunzira pa Montfort pompano, malo amene mu 2006 anatsegulidwa kukhala Catholic University, ndipo ndagwira choko zaka zambiri mpaka kupuma. Pamtundu pathu ndine mwinimbumba. Ana a alongo anga akafuna banja, akadwala kapena akapalamula, nkhani imathera pakhonde panga. Choncho pamene ndikulemba za amayi ovala nyota paphewa, sindikulemba ngati katswiri wa za nkhondo ayi. Ndikulemba ngati munthu amene anafunsidwa kuti anene mawu, inde kapena ayi, pa moyo wa mwana wa m'magazi mwake.

Nguludi ndi malo oidziwa nkhondo. Mtunda wochepa kuchokera pano, ku Mbombwe, ndi kumene kunali mbusa John Chilembwe, amene mu Novembala 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafera nkhondo ya azungu, n'kusiya akazi ndi ana amasiye opanda wowayang'anira. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira atsamunda, ndipo patangopita masiku atatu moto unafika pa mishoni pathu pano. Nyumba zinatenthedwa, wansembe n'kuvulazidwa kwambiri. Nkhondo yaikulu imene Chilembwe ankaidandaulayo, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, inatenga amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko lino kukakhala amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali m'nkhalango za maiko oyandikana nafe.

Anganga anga, amene pa nthawiyo anali kamtsikana, ankakonda kunena kuti nkhondo ija amayi anaimenya ndi munsi. Kunkabwera lamulo loti mudzi upereke ufa, ndiye amayi ankasinja usana ndi usiku mpaka manja kuchita matuza, ufawo n'kupita kukadyetsa anthu amene iwo sadzawaona n'komwe. Kumunda ankalima okha, matenda a ana ankalimbana nawo okha, msonkho n'kumawadikirabe. Komabe mukapita ku Zomba pa chipilala cha King's African Rifles, pafupi ndi Cobbe Barracks, mayina olembedwa pamenepo ndi a amuna. Amunawo ulemu unawayenera, pakuti anafa imfa yowawa kutali ndi kwawo. Mfundo yanga ndi yakuti mkazi wa kuno wakhala akusenza nkhondo kuyambira kalekale. Chimene sankapatsidwa ndi nyota basi.

Ulemu wa usilikali ife tinakula tikuuona pa amuna, weniweni ndi wongoyerekeza womwe. M'bale wawo wa bambo anga anapita ku Burma mu 1944 ndi gulu la King's African Rifles, n'kubwerako ali kopolo, ali ndi chijasi chimene ankachivala ngakhale dzuwa la mu Okutobala lili phwee. Pa gule wa beni, amene anayamba potsanzira perete wa asilikali, anyamata ankadzimata nyota za zitsekerero za mabotolo, wina n'kukhala kaputeni wina sajeni, atsikana akuimba ndi kuvina pambuyo pawo. Dziko litalandira ufulu mu 1964 gulu la nkhondo linasintha dzina kukhala Malawi Rifles, koma chipata chake chinakhalabe cha amuna. Mtsikana wofuna kuguba ankalowa Malawi Young Pioneers, gulu lija asilikali analilanda zida mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani. Amayi ena onse gawo lawo pa zochitika za boma linali kuvala nsalu ya chipani ndi kuvina.

Zinthu zinatembenuka ndi malamulo atsopano oyendetsera dziko a mu 1994, amene analetsa kusala munthu chifukwa choti ndi mwamuna kapena mkazi. Pamene zaka za m'ma 1990 zinkatha, gulu la nkhondo linayamba kulemba atsikana, ndipo oyambirirawo anapita ku Salima, kusukulu ya asilikali ya MAFCO, kukakwawa m'matope, kuphunzira mfuti ndi kuthamanga ndi chikwama kumsana monga anyamata. Ndikukumbukira m'mene nkhaniyi inalandiridwira m'chipinda cha aphunzitsi pasukulu imene ndinkaphunzitsa. Mphunzitsi wina wachibambo anaseka n'kunena kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Mayi wina amene ankachonga makope pakona sanadzutse n'komwe mutu. Anangofunsa kuti, "Nanga mitolo ya nkhuni imatsika m'phiri la Malabvi ija, aphunzitsi, imakhala pamutu pa ndani?" Belu linalira, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anthu ambiri kumudzi amayesa kuti msilikali ndi msilikali basi, koma usilikali uli ndi makwerero awiri. Oyamba ndi a msilikali wamba, amene amayamba wopanda kanthu pamalaya, kenako n'kukhala kopolo, sajeni, n'kumakwera choncho. Achiwiri ndi a maofesala, amene amaphunzitsidwa kutsogolera ndi kulamula. Ofesala amatuluka kusukulu ndi nyota imodzi ali Second Lieutenant. Yachiwiri imamupanga Lieutenant, yachitatu kaputeni. Akafika pa Major ndiye kuti walowa m'bwalo la akuluakulu, ndipo kwa asilikali oyenda pansi munthu wa udindo umenewu amatha kutsogolera anthu oposa 100. Pamwamba pake pali Lieutenant Colonel, Colonel, Brigadier, kenako ma General. Makwerero amenewa salumphika. Sitepe iliyonse ili ndi zaka zake, mayeso ake ndi maphunziro ake, ndipo ofesala amasamutsidwa nthawi ina iliyonse, lero ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, mawa ku Moyale Barracks ku Mzuzu, mkuja kunja kwa dziko, kaya mwana wasiya kuyamwa kaya sanasiye.

Kuti tione kutalika kwa makwererowa, titenge chitsanzo cha mayi wina wa ku Kenya, Fatumah Ahmed. Iye analandira nyota yake yoyamba mu 1985, pa nthawi imene asilikali aakazi a dzikolo anali ndi kagulu kawokawo kotchedwa Women Service Corps, kopatulidwa kwa amuna. Kaguluko katathetsedwa mu 1999, iye anasamukira ku gulu la nkhondo la mumlengalenga. Anafika pa Brigadier mu 2015, patatha zaka 30 chilandirireni nyota yoyamba ija, ndipo mu 2018 anakhala Major General. Pa maudindo onse awiriwa iye anali mkazi woyamba m'dzikolo. Mu Meyi 2024 Pulezidenti William Ruto anamusankha kukhala mkulu wa gulu lonse la nkhondo la mumlengalenga la Kenya. Kuchokera 1985 kufika 2024 ndi zaka 39. Mwana wobadwa chaka chimene mayiyu analandira nyota yoyamba anali atakhala kholo la ana a kusekondale. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife amene tinatsegula chipata mochedwa tiyenera kudziwa kuti mtsikana amene tamukaniza kulowa lero ndi General amene tidzamusowe zaka 30 zikubwerazo.

Kuno kwathu dzina limene linalowa m'khutu la aliyense ndi la Major Flora Selemani, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ambirife tinalimva pa tsiku limene mwini wake anatisiya. Lolemba pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kulowera ku Mzuzu. Inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi ena amene ankapita ku maliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Kumpotoko kunja kunali kutaipa, ndegeyo sinathe kutera ku Mzuzu, ndipo inasowa. Usiku umenewo dziko lonse linagona khutu lili pa wailesi. Tsiku lotsatira inapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atamwalira. Woyendetsa wamkulu anali Colonel Owen Sambalopa, wachiwiri wake anali Major Selemani, ndipo woyang'anira makina anali Major Wales Aidin.

Monga mphunzitsi, nditaona chithunzi cha mayiyu ali mu yunifolomu, maganizo anga anathamangira m'kalasi. Munthu sakhala pampando wa kutsogolo kwa ndege asanagonjetse masamu ndi sayansi, asanapimidwe maso, makutu ndi mtima mobwerezabwereza, asanaphunzire kuwerenga mitambo ndi mphepo, ndiponso asanaunjike maola ambirimbiri mumlengalenga pamaso pa omuyesa. Kuonjezera apo, iyeyu anali atakwera makwerero a usilikali aja mpaka pa Major. Ndiye kuti penapake m'dziko muno panali kamtsikana kamene kanakhala pa desiki, kapena pansi monga akhalira ana athu ambiri, n'kukana kukhulupirira kuti masamu ndi a anyamata. Ndaphunzitsa atsikana ambiri a mitu yakuthwa chomwecho. Ena ndimakumana nawo pamsika wa pa Turn Off akugulitsa tomato, mwana kumsana wina m'manja, sukulu anaisiyira Sitandade 7. Chimene chimasiyanitsa awa ndi uja nthawi zambiri si nzeru. Ndi mawu a kholo limodzi, kapena a malume mmodzi, pa tsiku limene mwanayo anatchula zimene akufuna kudzakhala.

M'masiku a maliro aja ndinamva zinthu zowawa. Mu minibasi yochokera ku Limbe bambo wina anati, "Mkazi ndi ndege, wapi ndi wapi? Ndi zimenezitu." Ena anavomereza ndi mitu. Munthu ameneyu anaiwala kuti m'ndegemo munalinso asilikali aamuna awiri a maudindo akuluakulu ogwira ntchito limodzi ndi mayiyo. Anaiwalanso kuti miyezi iwiri yokha m'mbuyomo, mu Epulo 2024, helikopita inagwa ku Kenya n'kupha mkulu wa asilikali onse a dzikolo, General Francis Ogolla, koma palibe ananena kuti amuna asiye kuuluka. Mwamuna akagwa timati ndi ngozi, mkazi akagwa timati ndi ukazi. Chifunga cha ku Chikangawa sichinafunse kuti wagwira chiwongolero wavala chiyani kunyumba.

Ndi m'nyengo yomweyo pamene nkhaniyi inagogoda pakhomo panga. Mlongo wanga wamng'ono ali ndi ana anayi, ndipo wamkazi ndi mmodzi yekha, chitsiriziro. Mtsikanayu analemba mayeso a MSCE mu 2023 n'kukhoza bwino, makamaka masamu. Mtima wofuna usilikali unamulowa m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, pamene namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ndipo kuno kwa Mfumu Likoswe madzi, matope ndi miyala zotsika m'phiri zinakokolola mudzi wa Ntauchira. Iye anali m'gulu la achinyamata a kutchalitchi amene ankathandiza kuphika pamalo pamene panasonkhana opulumuka. Kumeneko anaona msilikali wamkazi, matope mpaka m'mawondo, akuuza anyamata a yunifolomu kumene akumbe ndi kumene aimike galimoto, iwo n'kumathamanga osayankha kawiri. Anaonanso m'mene amayi otaya zonse, ena opanda n'chitenje chomwe, ankamukokera pambali msilikaliyo kukamunong'oneza zosowa zimene sakanatha kuuza mwamuna. Chibwerereni kumeneko mwanayu sanatchulenso za unamwino.

Mayi wake anayamba aizengereza nkhaniyo poganiza kuti ndi chibwana, chidzatha chokha. Koma ngozi ya ku Chikangawa itachitika anaona kuti wapeza umboni, ndipo anandiitanitsa. Tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, alamu anga ali chapatali pang'ono monga achitira mkamwini pa nkhani ya mbumba ya eni ake, mwanayo atagwada pambali.

"Achimwene," anayamba mlongo wanga, "ndakuitanani kuti mumuuze mwana wanuyu. Ine wandikanika. Mwaona nokha zachitika kumpotoku. Mayi uja anaphunzira, anakwera, lero ali kuti? Ine ndinabereka wamkazi mmodzi yekha. Ndikadzafa, pamalo pano padzakhala ndani? Munda wa amayi uja adzalima ndani? Ana aamunawa ndi a eni, adzapita kuchikamwini. Komanso mwamuna wake ndani angakwatire mkazi wogona kutchire ndi amuna mazanamazana? Anthu adzatinena, achimwene."

Mawu amenewa sanali opusa, ndipo amene amaseka amayi otere sadziwa mudzi. Kuno ku Chiradzulu mtundu umayenda ndi mwana wamkazi. Munda ndi wake, bwalo ndi lake, manda a makolo amawasunga ndi iye. Malo ndi ochepa, anthu ndi ambiri, ndipo munda wosalimidwa zaka ziwiri malire ake amayamba kuyenda usiku. Mayi wa mwana wamkazi mmodzi akamaopa, akuopera mwanayo, komanso akuopera dzina la mtundu wonse. Choncho sindinayankhe tsiku lomwelo. Ndinati nkhani yakula, tiigonere, pakuti mawu a akulu akoma akagonera.

Patapita sabata tinakhalanso pamphasa pomwe paja, ndipo ndinayamba ndi imfa, chifukwa ndiyo inali yaikulu. Sindinafune kumunamiza mlongo wanga kuti usilikali ndi ntchito ngati ina iliyonse. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa pafupi ndi Beni m'dziko la Congo, ali pa ntchito ya bungwe la United Nations. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu 2019 bungwelo linamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene banja lake linakalandira ku New York. Chikhalireni pamphasa paja, mu Januwale 2025, asilikali athu ena atatu anafera kummawa kwa dziko lomwelo. Walira mvula walira matope. Wosankha yunifolomu ija wasankha ndi zimenezi zomwe, ndipo ndinamuuza mwanayo pamaso pa mayi wake kuti ngati akungosirira kuwala kwa jombo ndi malipiro a pamwezi, asiyiretu.

Koma ndinamukumbutsanso mlongo wanga kuti anthu a kwa Ntauchira imfa inawapeza ali m'nyumba zawo, pamudzi pa makolo awo, osapita kunkhondo iliyonse. Ndinamukumbutsa za mwana wake wachiwiri, wamwamuna, amene anakwera basi ya ku Joni wopanda mapepala okwanira, kupita kudziko kumene mu 2008 ndi mu 2015 alendo ankasakidwa ngati mbewa, Amalawi ambiri n'kubwerako ndi zovala za m'thupi zokha. Tsiku limene mnyamatayo ankanyamuka palibe anatuma mwana kudzandiitana. Tinamukazingira nkhuku ya kamba wa paulendo n'kumuperekeza mpaka pamsewu. Ngati ngozi ndiyo imaletsa mwana kuchoka pakhomo, bwanji sinaletse uja? Mlongo wanga anangoti, "Uja ndi mwamuna." Ndinati ndi pomwepo pagona nkhani yathu.

Za munda ndinati munda suthawa ngati amalume ali maso, ndipo ntchito imeneyo ndi yanga. Anamwino angati ophunzira pa St Joseph pompa amene anakagwira ntchito ku Karonga ndi ku Nsanje, n'kubwerera atapuma kudzamanga nyumba ya malata pamalo pa amayi awo? Masisitere aja, amene sabereka n'komwe, mabanja awo anawapereka ndi nthungululu. Mwambo wopatsa mwana wamkazi munda makolo anauika kuti mkazi akhale ndi mphamvu, asamathamangitsidwe ngati mlendo. Tikausandutsa chingwe chomangira mwendo wake pa chitsa ndiye kuti tautembenuza. Ndinatchulanso za kwa achibale athu kuseri kwa phiri la Mulanje, kumene makolo athu Alomwe anachokera. Ku Mozambique chipani cha FRELIMO chinakhazikitsa gulu la asilikali aakazi mu 1967, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati. Mmodzi mwa atsikana a gululo, Josina Machel, anayenda pansi m'nkhalango za ku Niassa akuyang'anira ana amasiye a nkhondoyo, ndipo anamwalira pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25 zokha. Mpaka lero pa 7 Epulo dziko limenelo limakumbukira amayi ake onse. Atsikana amenewo nawonso anali ndi minda ndi amayi owalirira.

Pa za banja alamu anga ndiwo anatithandiza, ngakhale mwambo sunawalole kulankhula zambiri. Anatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Alamu, ine kwathu ndi ku Thyolo. Ndinasiya amayi anga n'kutsatira mkazi kuno, ndipo ndatha zaka 30 ndikulima munda wa eni. Mwamuna wodzatsatira mwanayu ku barakisi adzakhala wachita chachilendo chanji? Chikamwini chomwecho, kungoti mpanda wake ndi wa waya." Tonse tinaseka, ndi mlongo wanga yemwe, ngakhale anayesetsa kubisa nkhope m'chitenje.

Panatsala mantha amodzi amene mlongo wanga sanawatchule poyera, koma ndinawamva m'mawu ake aja a kugona kutchire. Ankaopa kuti mtsikana wamng'ono, pamalo podzaza amuna, pamene lamulo lili loti wamkulu sayankhidwa, angathe kugwiritsidwa fuwa lamoto. Mantha amenewa ndi oona, ndipo magulu a nkhondo a maiko ambiri, olemera omwe, akhala akulimbana ndi vuto limeneli. Koma mankhwala ake si kutsekera atsikana kunja kwa mpanda. Mankhwala ake ndi kuchulukitsa amayi pamwamba pa makwerero. Mtsikana wolowa kumene akadziwa kuti pali Major kapena Colonel wamkazi amene angagogode pachitseko chake, ndipo wankhanza akadziwa kuti fayilo yake idzadutsa patebulo pa mayi ameneyo, zinthu zimasintha. Ndi chifukwa chake bungwe la United Nations, mu Okutobala 2000, linagwirizana mfundo nambala 1325 yolimbikitsa kuti amayi azikhala nawo pa ntchito zosungitsa mtendere ndi pa mipando yopanga ziganizo, ndipo mu 2014 linapereka gulu lake lonse la asilikali la ku Cyprus m'manja mwa Major General Kristin Lund wa ku Norway, mkazi woyamba kupatsidwa udindo wotere. Kumalo a nkhondo mayi wogwiriridwa amamasuka msanga kwa mkazi mnzake, monga ankachitira amayi a kwa Ntauchira aja. Ndiponso ife Amalawi tisaiwale kuti kuyambira Epulo 2012 mpaka Meyi 2014 mkulu wa asilikali onse mwa lamulo anali mayi, Joyce Banda, ndipo ma General ankamuchitira sailuti dzuwa n'kumatulukabe kummawa.

Nditatha zonsezi ndinatembenukira kwa mwanayo. Ndinati, "Mwanawe, ine monga malume wako sindikutseka njira. Koma ndili ndi mawu atatu. Loyamba, ukalowa usakakhutire ndi chipata. Mutu wa masamu uli nawowo ukaugwiritse ntchito, ukalimbikire maphunziro mpaka nyota zikabwere paphewapo, chifukwa pambuyo pako pakubwera ana a eni amene adzafune chitseko chogogodapo. Lachiwiri, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Kulikonse ukapite akakudziwe ndi ntchito. Lachitatu, kalata yofunsira ntchitoyo usaitumize mozemba. Amayi akowa aione, aigwire ndi manja awo." Iye anawomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti, "Ndamva, amalume." Mayi wake sanati inde, sanatinso ayi. Anadzuka n'kukasonkha moto.

Amalume anzanga, ndi inu nonse amene ana amakugwadirani pofuna chilolezo, nkhani ngati iyi idzakupezani, ngati siinakupezeni kale. Mwina sudzakhala usilikali. Mwina adzakhala mwana wofuna kuyendetsa sitima ya pa nyanja, kukumba migodi kapena kukwera mapolo a magetsi. Musadzathamangire kuyankha ndi mwambi wa ng'ombe ndi ngolo. Mudzafunse kaye ngati mantha anuwo mukanakhala nawo mwanayo akanakhala wamwamuna. Mantha amene atsale mutachotsa amenewo ndiwo enieni, ndipo muyenera kuwakambirana ndi mwanayo moona mtima, osamubisira za ku Beni kapena za ku Chikangawa. Dziko limene lili ndi akazi ochuluka kuposa amuna silingadzitchinjirize, kapena kudzipulumutsa m'matope a namondwe, ndi dzanja limodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Mtsikana uja anayamba kudzuka tambala woyamba kukathamanga, kuchoka pamudzi kukafika pa Turn Off n'kubwerera, pokonzekera tsiku limene adzaitanidwe kukayesedwa. Masiku oyamba anyamata a kabaza ankamukuwiza, amayi opita kudimba n'kumagwira pakamwa. Kenaka anthu anazolowera, ndipo atsikana ena awiri a m'mudzi woyandikana nafe anayamba kumudikira panjira. Ankathamanga ndi nsapato zapulasitiki zong'ambika kuchidendene. Nandolo atacha, mlongo wanga anagulitsa matumba awiri, n'kukwera minibasi ya ku Limbe osauza munthu chimene akukagula. Madzulo ake ndinamupeza akutulutsa m'jumbo nsapato zothamangira, za pakaunjika koma zolimba, akuziyang'ana kunsi ngati wogula khasu. Ataona kuti ndikumwetulira anandidula msanga.

"Musaganize kuti ndavomera, achimwene," anatero. "Kungoti azithamanga ndi nsapato zooneka. Anthu angamati mwanayu alibe mayi."